Kulondola Makolo pa Gombe la Nkhotakota: Mafunso ndi Mayankho

Mabanja a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota ali ndi mbiri yolukanalukana kuposa ya madera ambiri a m'chigawo chapakati, chifukwa pa gombe limeneli panakumana Achewa a mafumu monga Malengachanzi, Kanyenda ndi Mwadzama, amalonda a Chiswahili amene anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1840, Ayao ndi Atonga, anthu ogwidwa ukapolo kuchokera kutali, ndiponso amishoni a ku England pamodzi ndi aphunzitsi awo a ku Likoma. Aliyense wofuna kudziwa kuti kholo lake la kumeneko linali ndani, linachokera kuti ndipo linakhala moyo wotani, amakumana ndi mafunso otsatirawa.

Kodi kufufuza mbiri ya banja n'kutani, ndipo kumayambira pati?

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndiyo kulondola mzere wa makolo, ndiko kunena kuti kudziwa amene anabala mnzake kuchokera kwa amoyo kubwerera m'mbuyo. Yachiwiri, imene ili yovuta koma yopindulitsa kwambiri, ndiyo kulumikiza zidutswa za moyo wa kholo limodzi, monga mudzi umene linabadwira, ntchito imene linagwira, maulendo ake, maukwati ake ndi manda ake. Wofufuza amayambira pa zimene zikudziwika bwino n'kumabwerera m'mbuyo mbadwo umodziumodzi, osalumpha, pakuti amene ayambira pa dzina lotchuka, monga la Jumbe, mtsogoleri wa amalonda a Chiswahili aja, kapena la Kalonga, n'kumafunafuna njira yoti adzilumikize nalo, amapeza zimene mtima wake ukufuna m'malo mwa zimene zinachitika.

Ku Nkhotakota poyambira ndi pakamwa pa akuluakulu, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo. Lamulo la 1904 lokhudza kulembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza azungu ndi amwenye okha, osati eni dziko, ndipo kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunadzakhala chikakamizo chifukwa cha lamulo la kalembera wa nzika la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ziphaso za unzika zinaperekedwa kwa anthu ochuluka mu 2017. Choncho kholo lobadwira ku Linga kapena ku Chia m'chaka cha 1900 silinasiye chiphaso chakubadwa. Amene akulidziwa ndi adzukulu ake, amene nawonso tsopano ndi nkhalamba.

Kafunsidwe kake kali ndi luso. Funso lalikulu lakuti agogo afotokoze mbiri yonse ya mtundu limabweretsa yankho lalifupi ndi lozolowereka, pamene mafunso ang'onoang'ono, monga akuti amayi awo ankatunga madzi pa doko liti, ankalima mpunga m'dambo liti, ndani anawalanga pa chinamwali, ndani anaimira ukwati wawo, amatsegula nkhani zimene mwini wake sankadziwa kuti akuzikumbukira. Akuluakulu afunsidwe aliyense payekha asanasonkhanitsidwe pamodzi, chifukwa pagulu mawu a wamkulu kapena a mwamuna amaphimba a ena. Pa tsamba lililonse palembedwe dzina la wofotokoza, tsiku ndi malo, ndiponso ngati zimene wanenazo anaona ndi maso kapena anamva kwa wina.

N'chifukwa chiyani mzere wa amayi uli wofunika chotere pa ntchitoyi?

Pa Chichewa mwana ndi wa kwa amake. Gulu la anthu obadwa kuchokera kwa mayi mmodzi, kudzera mwa ana ake aakazi ndi adzukulu aakazi, limatchedwa bele, ndipo mayi woyambayo ndiye tsinde lake. Alongo ndi ana awo ndiwo mbumba ya mlongo wawo wamwamuna, amene amaiyang'anira, amaiimira pa milandu ndipo amakhala nkhoswe pa maukwati ake. Mwamuna wokwatira amakakhala kwa mkazi, umene ndi chikamwini, pokhapokha ngati abale a mkazi alola chitengwa, ndiko kuti mkazi atengedwe kupita kwa mwamuna. Minda, ufumu ndi manda zinkatsata mzere umenewu.

Mapepala amene atsamunda, amishoni ndi makampani anasiya anakonzedwa ndi anthu amene kwawo banja limatsata bambo, ndipo ankalemba munthu amene ankamufuna: mwamuna wokhoma msonkho, mwamuna wolembedwa ntchito, mwamuna wonyamula mfuti. Mkazi amawonekamo apo ndi apo, kawirikawiri monga mkazi wa uje, popanda dzina lake kapena la amake. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la ntchito yonseyi. Wofufuza amene angotsata mapepala amatha kulondola bwinobwino abambo atatu kapena anayi, aliyense wochokera mudzi wina, n'kuganiza kuti wapeza banja lake, chikhalirecho wangopeza akamwini amene anadutsa m'mudzimo, pamene eni mudzi, amene anakhala pa dothi lomwelo mibadwo yonseyo, sanalembedwe paliponse. N'chifukwa chake mboni zoyamba ziyenera kukhala amayi achikulire ndi atsibweni, ndipo tchati cha banja la Achewa chiyenera kukhala ndi mizere iwiri yolembedwa mosiyanitsa, wa kuchikazi ndi wa kuchimuna.

Mfunda, kapena kuti chiwongo, sukwanira kukhala umboni wa chibale. M'madera ambiri masiku ano munthu amatenga mfunda wa bambo ake ngakhale kuti fuko lake ndi la kwa amake, ndipo a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe ndi ochuluka zedi kuyambira ku Tete mpaka ku Kasungu, moti a Phiri awiri okumana pa msika wa nsomba akhoza kukhala opanda kholo limodzi limene angalitchule. Nabanda wotchulidwa m'nkhani ya agogo ayenera kufunsidwa dzina lake lina, mudzi wake ndi mlongo wake, apo ayi adzasokonezedwa ndi Nabanda wina. Komanso mwambowu sunali wofanana m'boma lonse. Katswiri wa mbiri Kings Phiri, m'nkhani yake ya 1983 yokhudza kusintha kwa banja la Achewa, anasonyeza kuti malonda a akapolo, kufika kwa Angoni ndi Aswahili, Chikhristu ndi maulendo okafuna ntchito zinalimbitsa mphamvu za bambo ndi kuchulukitsa chitengwa, ndipo gombe la Nkhotakota linakhudzidwa ndi zonsezi.

Kodi munthu mmodzi angapezeke bwanji ndi mayina osiyanasiyana?

Kale munthu sankafa ndi dzina limene anabadwa nalo. Dzina la paubwana linkasiyidwa pa chinamwali kapena pa jando, ndipo kuliitananso kunali chipongwe. Wobatizidwa ankalandira dzina la m'Baibulo, wolowa Chisilamu ankalandira la Chiarabu. Mayi akabereka ankatchedwa ndi dzina la mwana wake, amake a uje, mpaka dzina lake lenileni n'kuiwalika ngakhale kwa adzukulu. Pakati pa Asilamu mawu akuti bin ndi binti, amene Ayao amati abiti kwa mkazi, amatanthauza mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi wa uje, ndipo amathandiza chifukwa amatchula bambo, koma dzina lotsatiralo limasintha mbadwo uliwonse. Mwachitsanzo chabe, mnyamata wobadwa Kamwendo akhoza kukhala Saidi atatuluka ku jando, n'kulembedwa Saidi bin Juma ku madrasa, kenako kalaliki wa ku migodi n'kumulemba Jim kapena Sixpence pa chitupa. Mayina a banja okhazikika, odutsa kwa bambo kupita kwa mwana, anafala makamaka chifukwa cha sukulu, msonkho ndi ntchito, ndipo nthawi zambiri linali dzina la bambo kapena la agogo limene mphunzitsi anafunsa tsiku lolembetsa.

Msampha woposa onse ndi kulowa dzina. Wolowa ufumu, ndipo nthawi zina wolowa m'malo mwa mwini mbumba, amatenga dzina la womwalirayo pamodzi ndi chibale chake, moti amatha kunena za zochitika zaka zana zapitazo ngati kuti anazichita yekha, ndipo mwa mwambo sakunama. Malengachanzi amene analandira alendo a Chiswahili si yemwe anaonana ndi abwanamkubwa a Nyasaland, ngakhale dzina ndi limodzi. Wofufuza ayenera kufunsa dzina la munthuyo asanalowe ufumu, ndi la amake, chifukwa popanda kutero mibadwo itatu imapindidwa n'kukhala munthu mmodzi. Malembedwe nawonso ndi osakhazikika: m'zolemba za atsamunda Nkhotakota ndi Kota Kota, ndipo m'zaka zoyambirira boma lonselo linkatchedwa Marimba, choncho wofufuza m'kaundula ayenera kuyesa malembedwe onse.

Nanga zaka zimadziwika bwanji pamene palibe chiphaso?

Zimadziwika pomangirira moyo wa kholo ku zochitika zimene chaka chake n'chodziwika. Nkhotakota ili nazo zambiri: David Livingstone anafika kwa Jumbe mu 1863, Harry Johnston anapangana ndi Jumbe mu 1889, amishoni a Anglican anatsegula mishoni mu 1894, Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja mu 1895 n'kuikidwa ku Nkhotakota komweko. Pambuyo pake panabwera nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mliri wa fuluwenza wa 1918 ndi 1919, kumira kwa sitima ya Vipya mu 1946, njala ya 1949, kuyamba kuyenda kwa sitima ya Ilala mu 1951, zipolowe za 1959, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party umene unachitikira ku Nkhotakota mu 1960, ndi kutsegulidwa kwa minda ya nzimbe ku Dwangwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mayi amene anali ndi mwana kumsana pamene Vipya inamira, ndipo mwanayo anali wachisamba, ayenera kuti anabadwa chapakati pa zaka za m'ma 1920. Chaka chopezeka motere chilembedwe ndi mawu akuti "pafupifupi", ndipo chimodzimodzi zaka za pa ziliza ndi pa ziphaso za okalamba, zimene zambiri zinangoyerekezedwa ndi ana kapena ndi mlembi wa kalembera.

Kodi m'mabuku a mipingo mumapezeka zotani?

Kwa mabanja a Chikhristu awa ndiwo mapepala akale kwambiri otchula eni dziko ndi mayina awo. Bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), limene linakhazikika pa Likoma mu 1885, linkasunga kaundula wa ubatizo, wa kulimbitsidwa, wa maukwati ndi wa maliro m'mamishoni ake, kuphatikizapo tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Tsamba la kaundula wa ubatizo limakhala logawidwa m'mizere yotsika: nambala, tsiku la ubatizo, dzina la Chikhristu, mayina a makolo, mudzi, mboni za ubatizo ndi siginecha ya wansembe. Mzere umene ambiri amaudumpha, wa mboni, ndi umene umabisa chuma, chifukwa mboni nthawi zambiri inali mbale kapena mnzake wapamtima wa banjalo, ndipo dzina limodzi likamabwerezedwa pa ubatizo wa ana angapo limaulula chibale chimene sichinalembedwe.

Kaundulayu ayenera kuwerengedwa mosamala. Akhristu oyamba ankabatizidwa ali akuluakulu, atakhala zaka zingapo monga omvera ndi ophunzira olandira mtanda, choncho tsiku la ubatizo si tsiku lakubadwa. Mwamuna wamitala sankabatizidwa, motero kusowa kwa dzina lake sikutanthauza kuti kunalibe munthu woteroyo. Ukwati wa m'tchalitchi unkatha kudalitsidwa ana atabadwa kale. Mabuku ena ali ku parishi, ena ku likulu la dayosizi, ndipo makalata ndi malipoti a amishoni anatumizidwa ku England, kumene akusungidwa ku Bodleian Library mu mzinda wa Oxford pamodzi ndi zolemba za bungwe la USPG, limene UMCA inalowamo mu 1965. Mabanja a kumtunda ndi a kumpoto kwa bomali ayang'anenso m'mabuku a CCAP, pokumbukira kuti amishoni a Livingstonia anali ku Bandawe kuyambira 1881 ndipo a Dutch anayamba ku Mvera mu 1889. A Katolika apeza kaundula wakale wolembedwa m'Chilatini, mmene Yohane ndi Joannes ndipo Mariya ndi Maria.

Nanga mabanja a Chisilamu, ndi amene amati ndi zidzukulu za Jumbe?

Jumbe linali dzina la udindo, ndipo analilowa anthu anayi. Woyamba anali Salim bin Abdallah, amene anamanga zombo zowolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, kumene ulendo unkapitirira wapansi mpaka ku Kilwa. Wachitatu, Tawakali Sudi, ndiye anapangana ndi Johnston ndipo anamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sanakhalitse, atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. George Shepperson analemba za Majumbewa ndi za kufala kwa Chisilamu m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1966. Banja lonena kuti linachokera kwa Jumbe lifunsidwe kuti ndi Jumbe uti ndipo kudzera mwa mkazi uti, chifukwa mudzi wa Jumbe unali waukulu, wodzaza ndi akapitawo, amisiri a zombo, aphunzitsi a Korani, asilikali ndi akapolo, ndipo onsewa ankatchedwa anthu a Jumbe popanda kukhala ana ake.

Mizikiti yakale sinkasunga kaundula wa obadwa monga matchalitchi, koma Asilamu ali ndi mboni zawo. Mashehe amakumbukira amene anawaphunzitsa ndi amene anaphunzitsa aphunzitsi awo, mzere umene nthawi zina umafika ku Zanzibar kapena ku Kilwa. M'mabanja ena muli mabuku a mapemphero ndi makalata a Chiswahili olembedwa m'zilembo za Chiarabu, amene m'mphepete mwake mwini analembamo dzina lake ndi la bambo ake. Pepala lotere lisaperekedwe kwa mlendo kuti apite nalo. Lijambulidwe pomwepo, ndipo apezeke mwalimu woliwerenga pamaso pa eni ake. Zaka zolembedwamo zingakhale za kalendala ya Chisilamu, zimene ziyenera kusandutsidwa zisanaikidwe pa tchati.

Kodi ku Zomba kuli chiyani chimene chingathandize munthu wamba?

Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko, National Archives of Malawi, inatsegulidwa ku Zomba mu 1947. Wopita kumeneko akuyembekeza kupeza fayilo yolembedwa dzina la agogo ake adzabwerako wokhumudwa, chifukwa zolembazo zinasanjidwa motsata maofesi amene anazilemba, ndiponso zambiri za zaka zoyambirira zinapsa pamene likulu la boma ku Zomba linayaka moto mu 1919. Zimene zilipo ndi zothandiza m'njira ina. Mabwana a maboma ankasunga mabuku olembamo mafumu, midzi yawo, kalowedwe ka ufumu ndi mikangano ya malire, makamaka pambuyo pa lamulo la 1912 limene linakhazikitsa mafumu aakulu oyang'anira midzi ndi la 1933 limene linapatsa mafumu mphamvu zolamulira ndi makhoti awo. Milandu ya m'makhoti amenewa, ya ukwati, ya chuma cha masiye ndi ya minda, ndiyo malo amodzi mmene mkazi amatchulidwa ndi dzina, pamodzi ndi nkhoswe yake, chifukwa mlandu wa Chichewa sungazengedwe popanda kufotokoza chibale.

Kalembera wa anthu wa nthawi ya atsamunda, monga wa 1921, 1931 ndi 1945, anasindikizidwa monga ziwerengero za maboma ndi mitundu, osati mayina, choncho amangosonyeza kukula kwa dera. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale, ndipo buku la Samuel Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa limathandiza kumvetsa mizere ya mafumu, ngakhale silingalowe m'malo mwa umboni wa banja lenilenilo. Mapu akale ndi ofunika kwa anthu a kugombe chifukwa nyanja yakhala ikutsika ndi kukwera: inatsika kwambiri cha m'ma 1915 ndipo inafika pamwamba zedi mu 1980, moti midzi ina inasamuka ndi mayina ake, ndipo mudzi wa lero mwina suli pamalo pomwe kholo linaikidwa.

Kodi kholo limene linapita kunja osabwerako lingapezeke?

Amuna ambiri a Nkhotakota anapita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, ena polembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide, ena ndi Mthandizi wa ku Rhodesia, ena paokha, zimene zinkatchedwa selefu. Amene anakhalitsa osatumiza kalata kapena kubwerera ankatchedwa machona. Wenela inayamba kulemba anthu a kuno mu 1903, inaletsedwa mu 1913 chifukwa cha kuchuluka kwa imfa za chibayo, inayambiranso m'zaka za m'ma 1930, ndipo Kamuzu Banda anaiimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo. Zolemba zakale za bungweli, limene linadzatchedwa TEBA, zikusungidwa ku University of Johannesburg.

Mfungulo ya kafukufuku wotere nthawi zambiri ili m'nyumba momwemo, m'sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi: chitupa chothimbirira chokhala ndi chidindo cha chala, kabuku ka malipiro, envulopu yokhala ndi sitampu ndi dzina la mgodi kapena la komboni, chithunzi cha pa situdiyo cholembedwa kumbuyo. Nambala ya pa chitupa ndi yodalirika kuposa dzina, popeza dzina ankalisintha koma nambala inkamutsata munthu. Amene anapita mwa selefu ndi ovuta kuwapeza, ndipo njira yabwino ndi mipingo, mizikiti ndi mabungwe a maliro a Amalawi ku Harare, Bulawayo ndi Johannesburg, kumene zidzukulu za machona zimakumbukirabe dzina la mfumu ndi la boma la kwawo ngakhale zina zinaiwala chinenero.

Za nkhondo zili ndi chisoni chake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, ndipo pamene asilikali a King's African Rifles anali ndi nambala ndi mamendulo, amtengatenga ambiri amene anafera m'njira sanalembedwe ndi mayina. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza mu 2021 kuti anthu ochuluka a mu Africa amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Kwa banja la mtengatenga, nkhani ya agogo yakuti atsibweni awo anatengedwa osabwerako ndiyo kaundula yekhayo amene alipo.

Bwanji ngati kafukufuku aulula ukapolo m'banja?

Ku Nkhotakota funso ili silingapewedwe, ndipo ndi limene limafuna mtima wodekha koposa. Si onse ogwidwa amene anawoloka nyanja. Ambiri, makamaka akazi ndi ana, anatsala pagombe, nakwatiwa m'mabanja a eni mudzi ndi a amalonda. Mkazi wotere analibe mlongo womuimira, choncho ana ake ankakhala a kwa bambo, ndipo patapita mibadwo iwiri kapena itatu zidzukulu zake zinkawerengedwa monga bele laling'ono la m'mudzimo. Zizindikiro zake zimaoneka pa tchati: mzere wa kuchikazi umene ukuthera mwadzidzidzi pa mayi wopanda kwawo kodziwika, wopanda mlongo, amene akuluakulu amangoti anachokera kumadzulo kapena anabwera ndi nkhondo.

Akuluakulu akakhala chete pamenepa sikuti aiwala. Kutchula munthu kuti ndi mdzukulu wa kapolo kwakhala chitonzo chachikulu, ndipo nkhaniyi imatulutsidwa pa mikangano ya ufumu ndi ya minda pofuna kumana ena gawo lawo. Wofufuza amene atenga zimene wauzidwa mwachinsinsi n'kukaziika pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja amautsa mapiri pachigwa, ndipo amavulaza anthu amoyo chifukwa cha tchimo limene linachitidwa kwa agogo awo. Komabe kufufuta mayiyo pa tchati, kapena kumupekera makolo a ufumu, ndi kumulanda kachiwiri. Mayi amene anachotsedwa kwawo ali mwana, napirira, nalera ana amene mbumba yawo ilipo lero, ayenera kulembedwa ndi dzina lake ndi ulemu wonse, ndipo eni mbumba apangane okha za amene angaone zolembazo. Chilungamo chomwecho chikhudzanso banja lopeza kuti kholo lake linali logwira kapena logulitsa anthu: lilembe zimene lapeza popanda kukometsera.

Amene anawoloka nyanja ndi ovuta kuwalondola. Ena anamasulidwa ndi sitima zankhondo za Britain, makamaka msika wa akapolo wa ku Zanzibar utatsekedwa mu 1873, ndipo anakaleredwa ku Mbweni ndi ku Kiungani pa chilumbacho kapena ku Frere Town pafupi ndi Mombasa, kumene amishoni ankalemba mtundu wawo kuti Nyasa. Koma dzina la mudzi silinkalembedwa kawirikawiri, ndipo kulumikiza munthu woteroyo ku banja linalake la Nkhotakota kumatheka mwa apo ndi apo.

Kodi kuyeza DNA kungathetse mavuto onsewa?

Ayi. DNA ndi chidindo cha chibadwa chimene munthu amalandira kwa makolo ake, ndipo mbali ina yake imadutsa mwa amayi okhaokha, zimene zikugwirizana ndi bele la Achewa, pamene ina imadutsa kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Kuyezaku kungasonyeze ngati anthu awiri amoyo ali pachibale, ndipo kungathandize zidzukulu za machona kupezana ndi abale awo, koma sikutchula dzina la kholo, mudzi kapena mfunda, ndipo zotsatira zake zimadalira anthu ena amene anayezedwa kale, amene a kuno ndi ochepa. Kungathenso kuulula kuti bambo wolera sindiye wobala, nkhani imene banja liyenera kuilingalira lisanatumize malovu kunja.

Pakamwa ndi pepala zikatsutsana, wofufuza akhulupirire chiti?

Afunse kuti mboni iliyonse inali pamalo otani kuti idziwe chimene ikunena. Pa tsiku ndi chaka, pepala lolembedwa nthawi yomweyo limaposa chikumbumtima cha munthu. Pa chibale, pa dzina lenileni ndi pa chifukwa chimene banja linasamukira, mayi wachikulire wa m'bele amaposa kalaliki amene ankamva mayina kudzera mwa womasulira ndipo ankalemba anthu amene mwina ankabisa zoona pothawa msonkho kapena thangata. Mzere wa makolo woperekedwa pa nthawi ya mkangano wa ufumu, kaya kwa bwana wachitsamunda kaya ku khoti la lero, uwerengedwe monga mawu a mbali imodzi ya mlandu. Zikakanika kugwirizana, zonse ziwiri zilembedwe, chilichonse ndi gwero lake, ndipo pamene palibe umboni pasiyidwe mpata m'malo modzazapo dzina longoganizira, chifukwa dzina lolembedwa molakwa lero lidzakhala umboni kwa adzukulu amene sadzakhalanso ndi wowafunsa.

Nthawi siili kumbali ya ntchitoyi. Anthu amene analeredwa ndi agogo oona masiku a Jumbe atsala ochepa kwambiri, ndipo mabuku akale a m'maparishi akudyedwa ndi chiswe ndi chinyezi cha kunyanja. Ansembe, abusa ndi mashehe a Nkhotakota ajambule tsamba lililonse la mabuku amene ali m'manja mwawo ndi kusunga zithunzizo malo awiri osiyana. Eni mbumba asankhe mdzukulu mmodzi wodziwa kulemba, amupatse kope ndi foni yojambulira mawu, ndipo ayambe ndi mayi wamkulu koposa m'banjamo chaka chino chisanathe.